Masetilaiti amene amalondera nkhalango za dziko lapansi

Kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 705, kuli masetilaiti ochedwa Landsat amene amazungulira dziko uku akujambula pansi. Yoyamba inaponyedwa ndi dziko la America mu 1972. Setilaiti iliyonse imadutsanso pa malo omwewo pakapita masiku 16, motero tikaika cithunzi ca caka catha pambali pa ca caka cino, timaona pamene mitengo yacoka.

Sikuti makinawa amaona mtengo umodziumodzi ai. Kadontho kamodzi pa cithunzi kamaimira malo a mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi. Cimene amapima ndi kuwala: masamba amoyo amabweza kwambiri kuwala kwina kumene maso athu saona, pamene nthaka yoyera ndi phulusa sizitero.

Kale zithunzizi zinali zogula, ndipo zinali zodula. Mu 2008 zinayamba kuperekedwa kwaulere. Mu 2013 Matthew Hansen ndi anzake a pa University of Maryland, mothandizana ndi Google, anatulutsa mapu a dziko lonse oonetsa kuti kuyambira 2000 kufika 2012 mitengo inatha pa malo okwana masikweya kilomita 2.3 miliyoni. Malo amenewa ndi Zambia yathuyi katatu. Lero aliyense wa ife angaone mapuwa pa foni kudzera pa Global Forest Watch, imene inatsegulidwa mu 2014.

Phindu lake lenileni linaonekera ku Brazil. Bungwe la boma la INPE lakhala likupima nkhalango ya Amazon ndi masetilaiti kuyambira 1988, koma lipoti la pacaka linali kufika mitengo itagwa kale. Mu 2004 anayambitsa njira yochedwa DETER, yocenjeza oyang'anira nkhalango msanga, odula akali pomwepo. Caka cimeneco panadulidwa masikweya kilomita oposa 27,000. Pofika 2012 ciwerengero cinatsika kufika pansi pa 5,000. Koma boma litafooka pogwira olakwa, cinakweranso mpaka kupitirira 13,000 mu 2021. Masetilaiti anali kujambulabe monga kale.

Pali zimene zithunzizi siziona bwino. Mitambo imaphimba, ngakhale kuti masetilaiti a rada monga Sentinel-1 a ku Ulaya amapyoza mitambo. Ndiponso cithunzi cimangonena kuti mitengo yacoka, osati cifukwa cake: mitengo ya paini yobzalidwa ku Copperbelt ikakololedwa, pa mapu pamaoneka cimodzimodzi ndi nkhalango yogwetsedwa. Ca miombo yathu ndiye covuta koposa. Mitengo yake ndi yotalikirana, imayoyola masamba m'cilimwe, ndipo wootcha makala kawirikawiri amasankha ikuluikulu ngati mutondo, nasiya timitengo. Kumwamba malowo amaonekabe obiriwira, pamene matumba a makala anafika kale ku Lusaka.