Matenda a Celiac mwa Ana: Zizindikiro, Kuyezetsa ndi Chisamaliro

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa makolo, alimi, amalonda ndi anthu onse kuti ana ena amanyentchera ngakhale pakhomo pali chakudya chokwanira. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi matenda a celiac, omwe amadza thupi likamadana ndi gluten, puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi rye.

Mmene matendawa amavulazira thupi

Mwana wodwala matendawa akadya gluten, chitetezo cha m'thupi mwake chimalimbana ndi matumbo ake aang'ono. Timinofu toyamwa chakudya m'matumbomo timafota, motero chakudya chimangodutsa osamanga thupi. Matendawa sapatsirana, koma ndi akumtundu.

Zizindikiro

Mwa ana aang'ono, zizindikiro zimayamba kuoneka akayamba kudya buledi, mandasi, masikono kapena mabisiketi. Mwana amatsegula m'mimba kwa nthawi yaitali, chimbudzi chake chimakhala chotuwa ndi chonunkha kwambiri, mimba imatupa, sikelo sikwera, amapinimbira ndipo magazi amachepa. Ena amadzimbidwa m'malo motsegula m'mimba.

Kufala kwake

Pa dziko lonse, munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 100 ali ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo sanayezedwepo. Pakati pa makolo, ana ndi abale a bere limodzi a wodwala, mmodzi mwa pafupifupi 10 amapezeka nawonso. Ana odwala shuga ya mtundu woyamba ndi amene ali ndi Down syndrome ali pachiopsezo chachikulu. Matendawa aliponso mu Africa muno: kafukufuku wa mu 1999 pakati pa ana a mtundu wa Sahrawi m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria adapeza kuti ana oposa 5 mwa 100 adali nawo.

Kuyezetsa

Zizindikirozi zimafanana ndi za njoka za m'mimba, chifuwa chachikulu, HIV ndi kusowa kwa zakudya m'thupi, choncho ndi achipatala okha amene angasiyanitse. Makolo ayenera kupita ndi mwana ku chipatala chapafupi atatenga buku lake la kusikelo. Matendawa amadziwika poyeza magazi ndi njira yotchedwa tTG-IgA, ndipo kawirikawiri madokotala amatsimikiza poyeza kachidutswa ka matumbo. Mwana asasiyitsidwe zakudya za tirigu asanayezedwe, pakuti kutero kumabisa matenda pa zotsatira.

Chisamaliro

Palibe mankhwala ochiza matendawa. Chithandizo chake ndi kusiya gluten moyo wonse, njira yomwe adaitsimikiza dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, mu 1950. Mwana akasiya gluten, matumbo amapola ndipo amayambanso kukula bwino.

Zakudya zambiri zolimidwa m'dziko muno zilibe gluten: chimanga, mapira, mawere, mpunga, chinangwa, mbatata, nthochi, nyemba, soya ndi mtedza. Nsima, kondowole ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi zoyenera, monganso nsomba, mazira, nyama, masamba ndi zipatso. Aphunzitsi ndi olera ana adziwitsidwe za vuto la mwanayo kuti asamapatsidwe zakudya za tirigu.

Udindo wa alimi ndi amalonda

Ngakhale tirigu wochepa kwambiri amavulaza wodwala. Muyeso wa Codex Alimentarius umalola chakudya kutchedwa chopanda gluten pokhapokha ngati gluten yake siposa mamiligalamu 20 pa kilogalamu. Pa chifukwa ichi, alimi ndi amalonda asasunge ufa wa chimanga kapena wa chinangwa m'matumba omwe mudali ufa wa tirigu. Eni zigayo atsuke makina akagaya tirigu. Okazinga zitumbuwa ndi tchipisi asagwiritse ntchito mafuta okazingira mandasi, ndipo wogulitsa amene wasakaniza ufa wa tirigu mu chigumu kapena zitumbuwa anene zoona kwa wogula.

Ofuna kudziwa zambiri afunse alangizi a zaumoyo a m'dera lawo kapena ku chipatala chapafupi.