Mwera, Mabwato ndi Anthu a ku Mbayani

Ku Mbayani kulibe dooko, ndipo mwana wobadwira kumeneko akhoza kukula mpaka kumera ndevu asanapondepo m'bwato. Mtsinje umene amaudziwa ndi Likhubula, umene m'chilimwe munthu amauwoloka modumpha pa miyala. Komabe mbiri ya mzinda wa Blantyre, pamodzi ndi madera ake monga Mbayani, Ndirande ndi Chilomoni, singathe kufotokozedwa bwino popanda kutchula mabwato. Ndiwo zimene zimaphikidwa m'nyumba zambiri za kumeneko zimachokera m'bwato. Madzi a pampopi amachokera mu mtsinje wa Shire, pa malo otchedwa Walker's Ferry, amene dzina lake limakumbutsa za chombo chowolotsa anthu. Ngakhale chiperoni, kamvula kozizira kamene kamakuta phiri la Ndirande m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chimadza ndi mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, mphepo yomweyo imene ikafika kunyanja asodzi amaitcha mwera.

Chombo choyamba cha dziko lino ndi bwato losema. Amang'anja a m'chigwa cha Shire, Anyanja a m'mbali mwa nyanja ndi Atonga a ku Nkhata Bay anali akatswiri a ntchito imeneyi kalekale Azungu asanafike. Mmisiri ankasankha mtengo waukulu ndi wowongoka, monga mbawa, chonya kapena mvunguti, naugwetsa ndi nkhwangwa, kenaka nauboola ndi kasemasema kwa masabata angapo. Likatha, mudzi wonse unkasonkhana kudzalikokera kumadzi, pakuti bwato si katundu wa munthu mmodzi. Kamwa lake linkakhala lopapatiza, kotero kuti wopalasa ankakhala pamwamba miyendo ili mkati, nkhafi ili m'manja. Mlendo akaliona amaganiza kuti ligudubuzika nthawi yomweyo, komatu kupapatiza kumeneko ndiko kumaletsa mafunde kudzaza madzi mkati. Panalinso zombo za matanga za Jumbe wa ku Nkhotakota, zimene zinkawolotsa akapolo ndi minyanga kupita kutsidya la kum'mawa, koma zimenezo zinali zombo za misozi, ndipo zinatha pamene malonda oipawo anathetsedwa m'zaka za m'ma 1890.

David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859 pa kasitima kotchedwa Ma Robert, koma anaimitsidwa ndi mathithi a Kapichira, kumtunda kwa Chikwawa. Kuyambira pamenepo mpaka ku Matope, mtunda wa makilomita ambirimbiri, mtsinjewo umatsika pa miyala ndipo palibe chombo chimene chingadutsepo. Nyanja ya Chilwa ndi nyanja yaikulu anakazifika wapansi chaka chomwecho. Mu 1861 anabweranso ndi kaboti kakang'ono ka nkhafi zinayi, kamene anthu anakasenza kulambalala mathithi onse, ndipo m'mwezi wa Seputembala anakaika panyanja. Namondwe anamuvuta kwambiri paulendowo, ndipo anaona yekha kuti eni nyanja amadziwa nthawi yolowa m'madzi ndi nthawi yokokera mabwato kumtunda.

Mathithi amenewa ndiwo anabala mzinda wa Blantyre. M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia, otsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika ndi sitima yotchedwa Ilala. Anaiphwasula kunsi kwa mathithi, ndipo amuna pafupifupi 800 anasenza zidutswa zake pamutu ndi pamapewa, m'dzuwa lotentha la m'chigwa, mpaka anakazitula kumtunda. Anailumikizanso, ndipo pa 12 Okutobala 1875 inalowa m'nyanja. Mabuku a mbiri amasunga maina a Azungu amene anali m'sitimamo, koma a amuna 800 aja sanalembedwe, ngakhale kuti popanda mapewa awo sitimayo ikadachita dzimbiri ku Chikwawa. Chaka chotsatira, mu 1876, amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre m'dziko la mfumu Kapeni, pa malo amene Henry Henderson anasankha. Malowo anali ozizira bwino, ndiponso anali pakati pa madooko awiri, la kunsi ndi la kumtunda.

Amalonda anatsatira. Mu 1878 abale awiri, John ndi Frederick Moir, anayamba ntchito za kampani imene inadzatchedwa African Lakes, imene anthu anaipatsa dzina loti Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir. Katundu wochokera kunja, monga nsalu, mchere, mikanda ndi zitsulo, ankakwera mtsinje wa Zambezi ndi Shire pa sitima ndi m'mabwato mpaka kwa Katunga. Kuchokera apo atengatenga ankamukweza zitunda kufika naye ku Mandala, napitirira kulowera ku Lunzu ndi Lirangwe mpaka ku Matope, kumene sitima ina inkadikira kupita ku Fort Johnston, amene tsopano ndi Mangochi. Msewu waukulu umene umadutsa pa Mbayani lero umalowera mbali yomweyo. Tsono kwa zaka pafupifupi makumi atatu Blantyre anali ngati mlatho wa pamtunda wolumikiza maulendo awiri a pamadzi.

Zimenezi sizinakhalitse. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo sitima za pamtsinje zinayamba kuchepa ntchito. Madzi nawonso anachita zawo. Nyanja inaphwera kwambiri, kotero kuti kuyambira cha mu 1915 mtsinje wa Shire unaleka kutuluka m'nyanja, ndipo mchenga ndi bango zinatseka njira. Madzi saiwala khwawa, ndipo cha mu 1935 mtsinjewo unayambanso kuyenda, koma chaka chomwecho njanji inali itafika ku Chipoka ndi ku Salima, ndipo mlatho wa pa Zambezi unali utatsegulidwa. Dooko la Matope linaiwalika.

Sitima za pamtsinje zinapita, koma bwato losema linatsala, ndipo ndi limene lakhala likudyetsa mzinda. Pamene anthu ankachuluka mu Blantyre kudzafuna ntchito m'mafakitale ndi m'nyumba za Azungu ndi Amwenye, namanga nyumba zawo ku Mbayani, ku Ndirande ndi ku Bangwe, ndiwo imene malipiro awo ankakwanitsa inali nsomba zouma. Zambiri zinkachokera ku Chilwa, nyanja yosaya ndiponso yopanda mtsinje wotulukamo, kumene asodzi amakankha bwato ndi nsungwi yaitali m'malo mopalasa. Ena a iwo amakhala miyezi yathunthu pamadzi, m'tinyumba ta pa udzu woyandama totchedwa zimbowera, akuwamba matemba, makumba ndi milamba pomwepo. Kuchokera pa dooko la Kachulu, nsombazo zinkayenda m'madengu aakulu omangirira pa njinga ndi pa malole. Chaka cha 1968 nyanja ya Chilwa inauma, mabwato anagona pa matope osweka, ndipo amayi a m'mizinda anazimva pamsika. Inaumanso mu 1995. Nthawi zonse madzi akabwerera, matemba amene anabisala m'mitsinje ndi m'madambo amachulukanso m'zaka zochepa.

Kunyanja yaikulu nkhani ndi mwera. Mphepo imeneyi imaomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, ndipo chifukwa nyanjayo ndi yaitali makilomita oposa 550 kuchokera kumwera kupita kumpoto, mphepo imapeza bwalo lalitali lokuzira mafunde. Ikakula imatha masiku atatu kapena anayi osapuma. Asodzi a usipa, amene amapita usiku ndi nyali ndi ukonde wa chilimira, amakokera mabwato kumchenga nayamba kusoka maukonde. Chodabwitsa n'chakuti mwera womwewo ndiwo umadyetsa nsomba. Ukamakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, madzi ozizira a pansi amakwera cha kumwera atanyamula chakudya cha tizomera ndi tizilombo tating'ono ta m'madzi, timene usipa ndi utaka zimadya. Msodzi amauopa mwera, koma chaka chopanda mwera sichingamukomere.

Amene anaupeputsa analira. Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano yotchedwa Vipya, imene inali itangoyamba kunyamula anthu chaka chomwecho, inanyamuka ku Mbamba Bay kuwoloka nyanja mphepo itakula. Ili pafupi kufika ku Florence Bay, kunsi kwa phiri la Livingstonia, inatembenuzika nimira m'kanthawi kochepa. Anthu 145 anafa, ndipo ambiri mwa iwo anali a kalasi yotsika amene anali m'zipinda za pansi. Chikumbutso chawo chili ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi. Sitima imene inalowa m'malo mwake, Ilala yachiwiri, inamangidwa ku Scotland, inabwera m'zidutswa monga inzake yoyamba ija, ndipo inayamba ntchito mu 1951.

Maulendo ongopita kukasangalala kunyanja anayamba ngati mwambo wa Azungu. Akuluakulu a boma ku Zomba ndi eni minda ya tiyi ndi fodya ankakonda miyezi yozizira, pamene udzudzu umachepa, misewu ya dothi imauma ndipo kutentha kwa kunyanja kumapiririka. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zoyenda pakati pa England ndi Johannesburg, zinkaima ku Cape Maclear, ndipo alendo ankagona pa hotela ya pomwepo. Mmalawi ankafika pa malo otere ngati wophika, wochapa kapena wopalasa boti. Wantchito wa ku Mbayani akatsikira kunyanja, kunali kumaliro kapena kukagula nsomba za malonda.

Ufulu wa dziko unafika m'nyengo yozizira, pa 6 Julayi 1964, ndipo pa tsiku lomwelo mu 1966 dziko linakhala Ripabuliki. Kuyambira pamenepo chisanu chinakhala ndi chikondwerero chake. M'zaka za ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda misewu ya mu Blantyre inkakongoletsedwa ndi mbendera ndi magetsi a mitundumitundu, ndipo anthu a ku Mbayani ankalawira m'mawa, atafunda majuzi ndi zitenje, kuyenda wapansi mpaka ku sitediyamu ya ku Chichiri kukaona magule, asilikali ndi mpira. Ambiri chisangalalo chawo chinkathera pomwepo. Koma pang'onopang'ono ena anayamba kugwiritsa ntchito tchuthicho mwa njira ina. Makwaya a mipingo, magulu a achinyamata ndi anthu ogwira ntchito pamodzi ankasonkha ndalama kwa miyezi, nachita hayala basi, kapena kukwera ya UTM pa Wenela, kudzera ku Zomba ndi Liwonde mpaka ku Mangochi, ulendo wa makilomita pafupifupi 190. Ankanyamula mpunga, nkhuku yokazinga ndi wailesi. Pofika kumeneko ankavula majuzi, pakuti chiperoni chimatsalira kumapiri. Anyamata a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anapezapo kantchito kokweza alendo m'bwato ndi kuwazunguliza pafupi ndi gombe, ndipo si wa mtauni mmodzi amene anatsika m'bwato miyendo ikunjenjemera, anzake akumuseka. Pobwerera, chambo chachiwisi chinkamangiriridwa kunja kwa galimoto, pa galasi loyang'anira kumbuyo, kuti mphepo ichisunge mpaka ku Blantyre. Aliyense woona galimoto yotere ikulowa mumzinda ankadziwa kumene yachokera.

Mu Blantyre momwemo munalinso timabwato. Damu la Mudi, limene linamangidwa m'zaka za m'ma 1950 kunsi kwa phiri la Ndirande kuti lisunge madzi akumwa, linakhala malo a kalabu ya Ndirande Sailing Club, ndipo ana a m'makomboni ankaima patali kuonerera matanga oyera akuyendayenda pamadzi. Mu 1984 unayambika mpikisano wa maboti a matanga panyanja yaikulu, wa makilomita oposa 500, wochokera ku Mangochi kulowera kumpoto, umene unkakopa anthu ochokera ku South Africa ndi maiko ena. Anausankhira mwezi wa Julayi mwadala, chifukwa mwera ndiwo unkawakankha. Apa m'pamene pamaonekera kusiyana kwa anthu a pamadzi amodzi. Wampikisano ankapempha kuti mphepo ikule, ali ndi jekete yoyandamitsa ndi boti la injini lomutsatira. Msodzi wa pa gombe lomwelo ankapempha kuti ileke, pakuti iye ali ndi nkhafi ndi kachitini kokapira madzi basi, ndipo tsiku lililonse limene bwato lagona pamchenga ndi tsiku limene ana agona ndi ndiwo zamasamba.

Kalendala ya msodzi siyenderana ndi ya mtauni. Pa Khirisimasi, pamene magombe a ku Mangochi ndi Salima amadzaza ndi alendo, makoka ogwira chambo amakhala oletsedwa, chifukwa Novembala ndi Disembala ndi miyezi imene nsombayo imaswana. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Nyanja ikatsegulidwa, sipapita nthawi mwera wafika. Boma linayesa kuthandiza pophunzitsa amisiri kukhoma maboti a matabwa ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi, ndipo maboti otere, okhala ndi injini kumbuyo, amapirira mafunde kuposa bwato losema. Anafika pa nthawi yake, pakuti mitengo ikuluikulu yosemera inali ikutha m'mapiri a m'mbali mwa nyanja. Koma mtengo wa injini ndi mafuta si wa aliyense, ndipo bwato losema likadali lochuluka pa madooko.

Masiku ano nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza pa wailesi mwera ukamayandikira, kuchenjeza asodzi ndi onse oyenda pa timabwato pa nyanja za Malawi, Malombe, Chilwa ndi Chiuta. Ku Mbayani uthengawo umamveka m'nyumba zimene anthu akuotha mbaula, ndipo ambiri amaulola kudutsa ngati nkhani ya kutali. Amayi ogulitsa nsomba pamsika ndiwo amautchera khutu, chifukwa amadziwa kuti pakapita masiku awiri kapena atatu madengu afika ochepa ku Limbe, ndipo mulu wa usipa uyenera kuchepetsedwa kapena kukwezedwa mtengo.