Chingerezi cha ku Kawale chili ndi kwawo

Anthu amene anandiphunzitsa Chingerezi ankachigawa pawiri: chabwino ndi chothyoka. Chothyokacho ndiye chathu, cha ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo. Ine dzina limeneli ndimalikana. Chinthu chothyoka chimasweka mosiyanasiyana, koma Chingerezi cha m'makwalala athu chimapindika malo omwewo pakamwa pa aliyense, wogulitsa makala ngakhale mlembi wa ku Capital Hill.

Munthu akamati "borrow me your pen", m'mutu mwake muli "ndibwereke cholembera", pakuti kwa ife mawu amodzi omwewo amagwira ntchito kwa wopempha ndi wopatsa. Akamadzuka n'kunena kuti "I am coming" uku akutuluka pakhomo, akunena "ndikubwera". "Discuss about" ndi "kukambirana za". "Me I don't know" ndi "ine sindikudziwa". Kusokoneza "he" ndi "she" n'kosadabwitsa kwa munthu amene chilankhulo chake chimati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. Choopsa pa zonsezi ndi yankho la funso lokana. Wina akakufunsa kuti "sunadye?" umati "eya", kutanthauza kuti zoonadi sunadye. Ukayankha "yes" pa "haven't you eaten?", Mngerezi amamva kuti wakhuta. Taganizani funso lotere likufunsidwa ndi dokotala wochokera kunja.

Mbiri yake imayamba ndi amishoni, ndipo amishoniwo sanali ndi mtima umodzi pa nkhaniyi. Asikotishi a Livingstonia, amene anafika mu 1875, ndi a Blantyre Mission a mu 1876, ankaphunzitsa Chingerezi kwa ana amene apita patsogolo. Sukulu imene Robert Laws anatsegula ku Khondowe mu 1894 inatulutsa alembi amene anakagwira ntchito mpaka ku Rhodesia ndi ku Joni. Kuno kuchigawo chapakati kunali kwina. Amishoni a Dutch Reformed, amene anakhazikika ku Mvera mu 1889 kenako ku Nkhoma, anaika mtima pa sukulu za m'midzi zophunzitsa m'Chinyanja, kuti munthu adziwerengere yekha Mawu a Mulungu. Buku Lopatulika la mu 1922 ndi chipatso cha khama limenelo. Chingerezi sanachithamangire. Ndipo dziko lonse linalibe sukulu ya sekondale mpaka 1940, pamene Blantyre Secondary School inatsegulidwa. Choncho agogo athu ambiri a kuno Chingerezi anachitolera pantchito: kukhitchini kwa bwana, m'minda ya fodya, m'migodi.

Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko, ndipo icho pamodzi ndi Chingerezi zikhale za boma. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Pamapepala Chichewa chinakwezedwa, koma mtsogoleri amene anachikwezayo ankalankhula kwa anthu ake m'Chingerezi, womasulira ataima pambali. Mu 1981 Dr Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi ochokera kunja. Uthenga wake unamveka bwino lomwe kwa makolo: Chingerezi chenicheni chimakhala pakamwa pa mzungu. Nthawi yomweyo likulu linali litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, ndipo malo ngati Kawale anadzaza ndi amesenjala, madalaivala, alonda ndi alembi ochokera m'maboma onse. Pantchito ankalandira malamulo m'Chingerezi, madzulo n'kubwerera kunyumba kumene moyo wonse unali m'Chichewa. Zilankhulo ziwiri zikamagona m'mutu umodzi tsiku ndi tsiku, zimabwerekana zovala.

Kenako kunabwera 1994 ndi maphunziro aulere a pulayimale. Chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma linalemba mothamanga aphunzitsi masauzande amene anali asanaphunzire ntchitoyo. Sindikuwanyoza, popanda iwo ambiri a ife sitikanaona kalasi. Koma mphunzitsi wa ana oposa 100 pansi pa mtengo amapereka Chingerezi chimene iye ali nacho, ndipo m'badwo wathu unachilandira chonchi, ndi "isn't it?" wake kumapeto kwa chiganizo chilichonse, m'malo mwa "eti?" kapena "si choncho?". Apa ndingonena modutsa kuti "isn't it?" wosasinthayu amamvekanso ku India ndi ku Kenya, ndipo achinyamata a ku London ali ndi "innit" wawo. Iwo palibe amawauza kuti ndi osaphunzira chifukwa chobadwira ku Mgona.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi "they". Mwana wa ku Kawale akafunsidwa za bambo ake amati "they have gone to work". Mphunzitsi amadula ndi cholembera chofiira, n'kufunsa kuti bambo akowo alipo angati. Koma mwanayo sanalephere kuwerenga. Analeredwa kuti munthu wamkulu sanenedwa ngati mmodzi: timati "apita", osati "wapita". Kunena "he" za bambo ako kumamveka ngati mwano, ndiye mwanayo wasankha kulakwitsa galamala kusiyana n'kulakwira kholo. Chosangalatsa n'chakuti Angerezi eni ake anadutsa njira yomweyi. Kale anali ndi "thou" wonenera munthu mmodzi, ngati "iwe", ndi "you" wonenera ambiri, ngati "inu". Anayamba kugwiritsa ntchito "you" polemekeza munthu mmodzi wamkulu, mpaka "thou" anafa m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku, n'kutsala m'mabuku ngati Baibulo la King James la mu 1611. N'chifukwa chake lero amati "you are" ngakhale kwa munthu mmodzi. Lamulo limene mwana wathu akukwapulidwa nalo linabadwa mwa ulemu womwewo umene iye akuusunga.

Zonsezi zikanakhala nkhani yocheza chabe pakanapanda mtengo wake. Kuti upeze satifiketi ya MSCE uyenera kukhoza Chingerezi. Ukachilephera, masamu ndi sayansi zimene wakhoza bwino sizikupulumutsa. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko limafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Boma nalo lakhala likutembenukatembenuka: mu 1996 linalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo chawo, kenako lamulo la maphunziro la mu 2013 linabwezera Chingerezi pampando, ndipo mu 2014 kunalengezedwa kuti chiyambire mu Sitandade 1.

Sindikunena kuti a MANEB ayambe kuchonga "borrow me". Mwana amene akufuna kukalemba kalata yofunsira ntchito kapena kukaphunzira kunja ayenera kudziwa kuti kumeneko amati "lend me". Chimene ndikutsutsa ndi kaphunzitsidwe kamene kamaletsa Chichewa pabwalo la sukulu, n'kupereka chilango chotchetcha udzu kwa wochilankhula, pamene Chichewacho ndicho chikanamasula vuto. Mphunzitsi atalemba pa bolodi "ndibwereke" n'kuonetsa kuti Chingerezi chimawang'amba pawiri mawuwa, wina wa wopempha wina wa wopatsa, mwana akhoza kumva mphindi ziwiri zisanathe. Atalemba "sunadye?" ndi mayankho ake awiri pambali pa mayankho a Chingerezi, n'chimodzimodzi. M'malo mwake mwanayo amangouzidwa kuti walakwa, amalemba chiganizo cholondola kakhumi m'kope, ndipo popita kunyumba amapempha mnzake kuti "borrow me" ndalama ya zitumbuwa.