Mwezi ndi madzi pa 6 June 1944

Anzanga a kunyanja, tamvani iyi. Tonse timadziwa kuti mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, alovi amangokhala pagombe n'kumasoka chilimila. Mu 1944 akuluakulu a nkhondo nawonso ankayang'ana mwezi womwewu.

Asilikali a Britain, America ndi Canada ankafuna kuwoloka kuchokera ku England kukalanda gombe la Normandy ku France, lomwe lidali m'manja mwa Ajeremani. Nyanja yamchere si ngati yathuyi ayi: madzi ake amaphwa n'kudzazanso kawiri pa tsiku, mwezi ndiwo umawakoka. Ajeremani adazika zitsulo ndi mabomba mumchenga kuti madzi akadzaza maboti aziphwanyikirapo. Ndiye pankafunika madzi ophwa m'bandakucha kuti misamphayo ionekere, komanso mwezi wowala usiku kuti odumpha m'ndege aone potera. Ziwirizi zidakumana pa 5, 6 ndi 7 June basi.

Mkulu wawo Eisenhower adasankha pa 5. Koma mphepo yochokera ku Atlantic idavundula nyanja, ngati mwera wa mu July. Katswiri wa zanyengo, James Stagg, adati pa 6 kuchitako bata pang'ono. Adamumvera, ndipo asilikali oposa 150,000 adawoloka. Ajeremani ankaganiza kuti nyengo yoipayo ipitirira, mpaka mkulu wawo Rommel adapita kwawo kukasangalalira tsiku lobadwa la mkazi wake. Tangoganizani!

Akadaphonya masiku amenewo, madzi akadakhalanso bwino cha pa 19 June. Tsiku lomwelo kudabuka namondwe amene adaphwanya doko lomwe Amereka adamanga pagombe la Omaha.