Ndalama za Makolo ndi Ndalama za Pepala

Aphunzitsi anzanga, mai wogulitsa ndiwo pa msika wa ku Chelstone, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, amapereka tomato wace nalandira kapepala. Kapepalako sikadyedwa, sikabvalidwa, ndipo mulibe golidi m'kati mwace. Nanga maiyo akalandira bwanji mokondwa? Tsiku lina mwana adzakufunsani funso ili, ndipo kuyenera kuti mudziwe comuyankha.

Makolo athu analibe mapepala otere, koma malonda anali kucita. Anali kugula ndi zinthu zimene aliyense anazifuna: mcere, makasu, nsalu, mikanda ndi mkuwa. M'caka ca 1960, anthu okumba maziko a thanki la madzi pa citunda ca Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu uthira m'Zambezi, anapeza manda akale. M'mandamo munali mikanda ya golidi, mikanda ya galasi yocokera kutsidya la nyanja, ndi mitanda ya mkuwa younda mofanana. Akatswiri ayesa kuti mitandayo inali kugwira nchito ya ndalama zaka mazana angapo zapitazo.

Inaliponso mpande, cigoba ca ku nyanja ya mcere. M'caka ca 1854, mfumu Shinte ya Alunda inapatsa David Livingstone mpande imodzi, ndipo iye anauzidwa kuti ziwiri zikanagula kapolo, zisanu zikanagula mnyanga wa njobvu. Apa tiona kuti cinthu cimakhala ndalama ngati ciri cosowa, cosaola, copepuka, ndipo anthu onse abvomerezana pa mtengo wace. Tionanso cinthu comvetsa cisoni, kuti ndalama ikhoza kuika mtengo pa munthu.

Masheleni anafika ndi British South Africa Company. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 Kampaniyo inaika msonkho wa nyumba, ndipo pamene inaufuna m'masheleni, amuna anasiya minda yao kukafuna nchito ku migodi ndi ku mafamu a kum'mwera. Cotero ndalama yatsopano inalowa m'midzi mwa lamulo, isanalowe mwa cizolowezi. Akulu akumbukirabe tiki, susu, ndi kobiri loboola pakati la masiku a Federation.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, tinakhala ndi paundi yathuyathu, ndipo pa 16 January 1968 kunabwera Kwacha ndi ngwee, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi. Kwacha ya lero ndiyo mtundu wa ndalama wochedwa fiat, mau a Cilatini otanthauza kuti "cicitike." Iri ndi mtengo cifukwa Boma lalamula, limailandira pa msonkho, ndipo anthu akhulupira kuti mnzao adzailandira mawa. Nzeru ya ndalama ya pepala inayamba ku China zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Britain analeka kusintha mapepala ace ndi golidi mu 1931, ndipo America anadula cingwe cotsiriza mu 1971.

Koma cikhulupiriro cimatha. Mapepala akacuruka koposa katundu, mitengo imakwera, ndipo wobvutika ndiye uja anasunga ndalama zace m'cikopo. Ku Zimbabwe, mu January 2009, kunaturuka pepala limodzi la madola 100 trillion, koma posacedwa anthu analikana. Kwathu kuno Kwacha inafooka kwa zaka zambiri, kufikira pa 1 January 2013 Bank of Zambia inacotsa maziro atatu, ndipo K1,000 inasanduka K1.

Pophunzitsa phunziro ili, itanani gogo wa m'mudzi adzanene zimene kobiri linali kugula. Ikani pa tebulo khasu, mcere ndi pepala la Kwacha, ndipo mufunse ana kuti adzasankha citi ngati Boma litakana pepalalo. Akayankha okha, adzazindikira kuti ndalama ya pepala ndiyo pangano, ndi kuti cuma ceniceni ciri m'nkhokwe, m'khola ndi m'manja a wogwira nchito.