Phunziro Limene Kamuzu Anadzisungira Yekha

Munthu akaima ku Nkolokosa n'kuyang'ana cha ku Soche ndi ku Chichiri, amakhala akuona pamene yunivesite ya dziko lino inabadwira. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, ndipo posakhalitsa inaphatikiza Polytechnic, koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill, koleji ya za ulimi ya Bunda ndi sukulu ya za kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba pamodzi ndi a ku Soche Hill ndi a ku Mpemba. Zaka zonsezo ophunzira ankauzidwa za malamulo, za chuma ndi za kalembedwe ka makalata a boma, koma funso loti Malawi azigwirizana ndi ndani kunjaku, ndipo chifukwa chiyani, linalibe kalasi yake. Aphunzitsi odziwa analipo. Vuto linali loti funsoli linali ndi mwini wake, ndipo kusowa kwa anthu olizukuta kwatidyera zambiri kuposa mmene timavomerezera.

Chiyambi chake ndi mkangano wa nduna wa mu 1964, patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu. Anthu ambiri amakumbukira za tiki imene odwala anauzidwa kuti azilipira kuchipatala, komanso za azungu amene ankakhalabe pa mipando ikuluikulu ya boma. Koma mbali ina yaikulu ya mkanganowo inali ya zakunja. Kanyama Chiume, yemwe anali nduna yoona za ubale ndi maiko ena, ndi anzake monga Orton Chirwa ndi Yatuta Chisiza, sankafuna kuti Malawi azidyera mbale imodzi ndi Apwitikizi amene ankalamula Mozambique, ndipo ankafuna ubale ndi China ya ku Beijing, imene inkalonjeza thandizo kudzera mwa kazembe wake ku Dar es Salaam. Dr Kamuzu Banda anakana. Mu Seputembala chaka chomwecho nduna zina zinachotsedwa, zina zinatula pansi udindo, ndipo ambiri anathawira kunja. Kuchokera pamenepo unduna wa zakunja unakhala m'manja mwa Kamuzu mwini kwa zaka zambiri. Mphunzitsi wanzeru zake akanayamba bwanji kufunsa ophunzira ngati Chiume ankanena zoona? Si zodabwitsa kuti buku lodziwika la nthawi imeneyo lofotokoza mfundo za Malawi pa zakunja linalembedwa ndi Carolyn McMaster n'kusindikizidwa kunja mu 1974.

Zimene zinkagamulidwa popanda wofunsazo sizinali zazing'ono. Mu 1966 Malawi anakhazikitsa ubale ndi Taiwan, ndipo mu 1967 ndi South Africa ya tsankho, pamene maiko ena a mu Africa ankaisala. John Vorster, mtsogoleri wa South Africa, anabwera kuno mu 1970, Kamuzu n'kubwezera ulendowo mu 1971. Ndalama za ku South Africa zinathandiza kumanga likulu la Lilongwe ndi njanji yopita ku Nacala. Otsatira Kamuzu amati mkuluyu ankangowerenga mapu: dziko lopanda doko, katundu wake wodutsa ku Beira, anyamata ake zikwizikwi ali m'migodi ya ku Joni, silingachite matama. Mfundoyi ndi yolemera ndithu, ndipo wophunzira aliyense ayenera kuiyamba ndi ulemu. Koma mapu omwewo ndi amene anatipweteka Mozambique italandira ufulu mu 1975. Nkhondo ya Renamo itatseka njira za ku Beira ndi Nacala, katundu anayamba kuzungulira mtunda wautali kuchokera ku Durban, ndipo anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi analowa m'dziko muno. Mu Seputembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kuno kudzadzudzula Kamuzu pomuganizira kuti akusunga Renamo, ndipo chaka chotsatira asilikali athu anali kale ku Mozambique kulondera njanji ya Nacala. Dziko lokhala ndi akatswiri omasuka kulankhula likanaona msanga kuti ulamuliro wa Apwitikizi ukupita kothera.

Ufulu wa zipani zambiri nawonso uli ndi dzanja la kunja, pakuti mu Meyi 1992 maiko opereka thandizo atakumana ku Paris anaimitsa thandizo la chitukuko, patangopita miyezi iwiri mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma. Pambuyo pa 1994 mpamene maphunziro a ndale anapeza malo ku Chancellor College, ndipo za ubale wa maiko zinalowera khomo lomwelo. Komatu chizolowezi cha munthu mmodzi sichinafe. Kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika linasiya Taiwan, imene inamanga chipatala chachikulu cha Mzuzu, n'kugwirana chanza ndi Beijing, ndipo anthu anangouzidwa mu Januwale 2008 zonse zitatha kale. Zimene Chiume anathamangitsidwira zinachitika patapita zaka 43. Nyumba ya malamulo ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga-Chitipa ndi zipatso zake, ndipo mwina chisankhocho chinali chabwino, koma phindu ndi mtengo wake sizinakambidwe poyera.

Pali ena amene amati phunziro lotere ndi la ana a mabwana ofuna kukavala masuti ku ukazembe, ndipo Malawi akusowa madokotala ndi mainjiniya. N'zoona kuti mipando ya ukazembe ndi yochepa, ndipo kawirikawiri imagawidwa potengera chipani osati digiri. Koma amene anali ku Nkolokosa mu 2011 akudziwa pamene nkhani zakunja zimathera. Mu Epulo chaka chimenecho boma linapitikitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha uthenga wachinsinsi umene unaululika wodzudzula ulamuliro wa Bingu. Britain inaimitsa thandizo lake la mu bajeti, ndalama zakunja zimene zinali zosowa kale zinasoweratu, ndipo madalaivala a minibasi ankagona pamzere pa malo omwetsera mafuta, zigubu zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu ngati nazonso zikudikira kukwera. Mayi wogulitsa tomato anaona mtengo wa ulendo wa ku Limbe ukukwera asanamvepo n'komwe dzina la kazembeyo. Pa zionetsero za pa 20 Julaye anthu pafupifupi 20 anaphedwa.

Ena amati dziko laling'ono silisankha, limangotsatira mwini thumba. Mbiri yomweyi ikutsutsa zimenezo. Kamuzu anasankha mu 1964, Bingu anasankha mu 2007, ndipo Joyce Banda anasankha mu 2012 pokana kulandira Omar al-Bashir wa ku Sudan, mpaka msonkhano wa African Union unachoka ku Lilongwe kupita ku Addis Ababa. Ndipo mkangano wa nyanja ndi Tanzania ukadalipo, wotsamira pa pangano la Heligoland limene Britain ndi Germany anasainirana mu 1890. Tsiku limene nkhaniyo idzabukenso, ku Dodoma kudzakhala anthu amene analiwerenga panganolo mzere ndi mzere.