Mamailosi a ndege: momwe angakulipirireni ulendo wa m'kati mwa dziko la eni

Ndege zonyamuka pa bwalo la Chileka mumzinda wa Blantyre zimanyamula anthu ambiri omwe ulendo wawo suthera pomwe ndegeyo ikatera. Mayi wa ku Bangwe yemwe akuperekeza wodwala ku India amatha kutsikira ku Mumbai pomwe chipatala chili mumzinda wina. Wamalonda wa ku Ndirande amafikira ku Guangzhou koma katundu yemwe akufuna ali kumpoto kwa China. Kholo la ku Chilomoni lomwe likukaona mwana ku America limatera ku Chicago kapena ku Washington, mwanayo akukhala m'chigawo china.

Kachigawo kotsiriza ka ulendo kameneka kamalira tikiti ina, ndipo tikitiyo imagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwa Mmalawi, apa ndi pomwe pagona vuto. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kupeza madola kubanki kwakhala chinthu cha apo ndi apo. Komatu ena mwa apaulendowa amakhala ali kale ndi cholipirira tikitiyo osadziwa: mamailosi omwe adapata pa maulendo awo akale.

Mamailosi n'chiyani?

Awa ndi mapointi omwe kampani ya ndege imapereka kwa munthu yemwe adalembetsa mundondomeko yake yothokozera makasitomala. Dzinali lidachokera ku muyeso wa mtunda, pakuti mailosi imodzi ndi makilomita pafupifupi 1.6, ndipo poyamba mapointiwa ankawerengedwa potengera mtunda womwe munthu wauluka. Ndondomeko zotere zidafala kuyambira 1981 pomwe American Airlines idakhazikitsa AAdvantage. Masiku ano makampani ambiri amawerengeranso mtundu wa tikiti kapena ndalama zomwe munthu walipira, kotero anthu awiri okhala moyandikana m'ndege imodzi amatha kupata mamailosi osiyana kwambiri. Tikiti yotsika mtengo zedi imabala ochepa, mwinanso osabala konse.

Ndondomeko yomwe ili pafupi ndi Amalawi ndi ShebaMiles ya Ethiopian Airlines. Kampaniyi ili ndi masheya 49 peresenti mu Malawi Airlines, yomwe idayamba kuuluka mu January 2014 italowa m'malo mwa Air Malawi, ndipo okwera Malawi Airlines amasonkhanitsa mamailosi awo ku ShebaMiles komweko. Kulembetsa n'kwaulere. Membala amakwera m'magawo a Blue, Silver, Gold ndi Platinum malinga ndi kuchuluka kwa maulendo ake. Kenya Airways, yomwe kwa zaka zambiri inkagwiritsa ntchito Flying Blue ya Air France ndi KLM, idatsegula yakeyake ya Asante Rewards mu 2023. South African Airways ili ndi Voyager, pomwe Airlink ili ndi Skybucks.

Mgwirizano wa makampani

Chomwe chimapangitsa kuti mamailosi a kampani ya ku Ethiopia agule mpando m'ndege ya ku India ndi mgwirizano wa makampani a ndege. Migwirizano ikuluikulu ilipo itatu: Star Alliance yomwe idakhazikitsidwa mu 1997, oneworld ya mu 1999 ndi SkyTeam ya mu 2000. Ethiopian Airlines idalowa Star Alliance mu December 2011, komwe idapezako South African Airways, EgyptAir, Turkish Airlines, United, Lufthansa ndi Air China. Air India idalowa mu 2014. Kenya Airways ili ku SkyTeam pamodzi ndi Delta, Air France, KLM ndi China Eastern.

Pali mfundo ziwiri zomwe zimasokoneza anthu ambiri. Yoyamba ndi yakuti mamailosi sasamuka. Mwini ShebaMiles sangawatumize kuakaunti ya Air India. Iye amapempha tikiti kwa Ethiopian Airlines, ndipo kampaniyo ndiyo imamusungira mpando m'ndege ya anzake. Mtengo wa tikitiyo m'mamailosi umatchulidwa ndi kampani yomwe ikusunga mamailosiwo, osati mwini ndege. Yachiwiri ndi yakuti Malawi Airlines payokha si membala wa Star Alliance, ngakhale imagwiritsa ntchito ShebaMiles. Choncho munthu wa Voyager kapena wa MileagePlus ya United asaganize kuti ufulu womwe ali nawo m'ndege za Ethiopian Airlines ali nawonso m'ndege za Malawi Airlines.

Komwe zimatheka ndi komwe zimakanika

Malamulo a maiko ambiri salola kampani yakunja kunyamula anthu pakati pa mizinda ya m'dziko lawo. Ethiopian Airlines singanyamule munthu kuchokera ku Johannesburg kupita ku Cape Town. Funso lofunika kwa mwini mamailosi ndi ili: kodi m'dziko lomwe ndikupita muli kampani ya mumgwirizano wanga yomwe imauluka m'kati mwa dzikolo?

Ku India yankho ndi eya kwa a ShebaMiles, chifukwa Air India imalumikiza Delhi ndi Mumbai ku mizinda monga Chennai, Bengaluru, Hyderabad ndi Ahmedabad. Koma kampani yomwe imanyamula anthu ambiri m'dzikolo ndi IndiGo, yomwe sili mumgwirizano uliwonse mwa itatu ija. Air India Express nayo, ngakhale dzina likufanana, si membala wa Star Alliance. Kwa banja lomwe likuwerengera dola iliyonse ya kuchipatala, matikiti awiri a m'katimu, wa wodwala ndi wa womudwazika, si ndalama yochepa.

Ku America zinthu n'zofewerapo. United ili ndi malikulu ake ena pa mabwalo a Washington Dulles, Newark ndi Chicago O'Hare, omwe Ethiopian Airlines yakhala ikuterako. Kuchokera ku Chicago kuli ndege za United zopita ku South Bend m'chigawo cha Indiana, komwe kumakhala Amalawi ochuluka. A SkyTeam amadalira Delta.

Nkhani ya ku China ndi yopatsa chidwi kwa amalonda. Kampani yomwe ikulamulira bwalo la Guangzhou ndi China Southern, yomwe idatuluka mu SkyTeam kumayambiriro kwa 2019 ndipo sidalowe mgwirizano wina. A ShebaMiles amatsala ndi Air China komanso Shenzhen Airlines. Ngakhale zili choncho, pa mitunda yapakatikati sitima za pamtunda zothamanga kwambiri za m'dzikolo n'zotsika mtengo komanso zosunga nthawi, moti kuwonongera mamailosi pa ulendo wotere n'kutaya chuma.

Ku South Africa, komwe Amalawi amapita kwambiri, mwayi udachepa. South African Airways idalowa m'mavuto a zachuma mu December 2019, idaimitsa maulendo ndipo idayambiranso mu September 2021 ili ndi ndege zochepa. Imaulukabe pakati pa Johannesburg, Cape Town ndi Durban, koma msika waukulu wa m'dzikolo uli m'manja mwa FlySafair, yomwe sili mumgwirizano. Comair, yomwe inkaulutsa ndege m'dzina la British Airways komanso kulula, idatseka mu June 2022.

Ku Britain ndiye kulibiretu. Kuchokera pomwe kampani ya bmi idagulidwa mu 2012, Star Alliance ilibe kampani ya m'dzikolo, ndipo wopita ku Edinburgh kapena ku Glasgow kuchokera ku London amakwera British Airways ya oneworld, ndege zotsika mtengo kapena sitima. Mamembala a migwirizanoyi amasinthanso: SAS, yomwe idali nawo pokhazikitsa Star Alliance, idasamukira ku SkyTeam mu September 2024.

Mpando ulipo, koma si wanu

Kukhala ndi mamailosi okwanira si ndiye kuti tikiti yapezeka. Kampani iliyonse imapatula mipando yowerengeka yomwe ingagulidwe ndi mamailosi a makampani anzake, ndipo ku Star Alliance mipando yotere imadziwika ndi chilembo X m'gawo la anthu wamba ndi I m'gawo la bizinesi. Ndege itha kukhala ndi mipando yambiri yogulitsa ndi ndalama koma wa X osapezeka ngakhale umodzi. Nyengo ya Khrisimasi, ya Diwali ku India, ya Thanksgiving ku America ndi ya chaka chatsopano cha ku China ndiyo yovutitsitsa. Mipandoyi imaoneka kwambiri ulendo ukadali kutali ndi miyezi ingapo, kenaka ina imatulukanso kutatsala masiku ochepa kampani ikaona kuti ndege sidzaza.

N'chifukwa chake n'kwanzeru kuyamba mwafufuza mpando wa mamailosi musanagule tikiti yaikulu yochokera ku Chileka, kuti masiku agwirizane. Ngati tsamba la pa intaneti la kampani yanu silikuonetsa ndege za anzake, ofesi ya kampaniyo kapena nambala yake yothandizira makasitomala imatha kuona zomwe tsambalo labisa.

Tikiti ya mamailosi si yaulere kotheratu. Misonkho ya boma ndi ya bwalo la ndege imalipiridwa ndi ndalama, ndipo makampani ena amawonjezera ndalama yomwe amati ndi ya mafuta. Ubwino wa maulendo a m'kati mwa dziko ndi wakuti zolipirazi zimakhala zochepa poyerekeza ndi za maulendo odutsa malire. Ku America, mwachitsanzo, msonkho wa chitetezo ndi madola 5.60 pa ulendo wopita kokha. Komabe pamafunika khadi ya kubanki yololedwa kulipira kunja, kapena kukalipirira kuofesi ya kampaniyo kuno kumudzi ngati ikulola.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti tikiti ikugulidwa madola 200, pomwe ya mamailosi ikufuna 15,000 ndi msonkho wa madola 20. Mamailosiwo apulumutsa madola 180. Tikiti yomweyo ikakhala pa madola 60, apulumutsa 40 okha, ndipo kuli bwino kuwasunga. Kunena zoona, kwa munthu yemwe amauluka kamodzi kapena kawiri pachaka, kudikira kuti mamailosi adzakwane tikiti yaulere ya ku China n'kudikira madzi a mphutsi, popeza ndondomeko zambiri zimafufuta mamailosi omwe akhalitsa. Ulendo waufupi wa m'kati mwa dziko ndi womwe munthu wotere angaufikire.

Matikiti awiri, maulendo awiri

Ngozi yaikulu ili pa kulumikiza. Tikiti yogulidwa ndi ndalama ndi ya mamailosi zimatengedwa ngati mapangano awiri osiyana. Ndege yochokera ku Addis Ababa ikachedwa munthu n'kuphonya ya m'katiyo, kampani yachiwiri ilibe udindo womupezera ina, ndipo akapanda kuoneka pa ulendo wopita, wobwerera wa pa tikiti yomweyo umatha kufufutidwa. Pa bwalo loyamba kufikira pamakhalanso mzere wa olowa m'dziko, kutenga zikwama, kudutsa kwa a kasitomu ndi kuzilembetsanso. Maola awiri sakwanira. Woperekeza wodwala angachite bwino kugona mumzindawo n'kupitiriza mawa lake.

Katundu ndi msampha wina, makamaka kwa amalonda ndi makolo omwe amanyamulira ana ufa, usipa ndi chambo chouma. Pa maulendo ataliatali Ethiopian Airlines kawirikawiri imalola zikwama ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse. Tikiti yapadera ya m'kati mwa dziko imatsata malamulo a mwini ndege, omwe nthawi zambiri amalola chikwama chimodzi chopepukirapo, ndipo ku America chikwama choyamba chomwe chimalipiridwa. Ndalama ya katundu wopitirira muyeso itha kuposa yomwe mamailosi apulumutsa. Mamembala a Gold ku Star Alliance amapatsidwa mwayi wa katundu wowonjezera, koma ofika pamenepo ndi ochepa.

Dzina la pa akaunti liyenera kufanana ndendende ndi la pa pasipoti, ndipo nambala ya umembala iperekedwe pogula tikiti, ngakhale mukugula kudzera kwa ajenti. Yemwe adaiwala atha kupempha kuti mamailosi a ulendo wapitawo alembedwe, bola achite izi nthawi yomwe kampani idaika isanathe ndipo akhale ndi nambala ya tikiti komanso chiphaso chomwe adakwerera ndege. Ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe omwe amauluka pa ndalama za kuntchito afunse kaye zomwe malamulo a pantchito pawo akunena za mwini wake wa mamailosiwo.